Burashi ya Ubweya wa Nguluwe

Burashi ija idafika kwathu ku Tsangano m'thumba la jekete la alamu anga, amuna a mng'ono wanga. Iwo ankagwira ntchito pafamu ina ku Joni, ndipo ankabwera kamodzi pachaka, mu Disembala, atasenza mabulangete ndi mapoto. Chaka chimenecho adadzationa pamodzi ndi mkazi wawo, n'kutulutsa kanthu ka chigwiriro cha thabwa losalala, kodzaza ubweya wakuda, wouma. Adati ubweyawo ndi wa pamsana pa nguluwe.

Tidaseka mpaka misozi. Ife nguluwe timaidziwa ngati mbala yofukula mbatatesi m'munda, ndiye kumva kuti wina adaimeta n'kuika ubweya wake m'sitolo kuti anthu azipesera mutu! Ine, poti sindidikira kupatsidwa, ndidailanda n'kuiyesa m'mutu mwanga. Idangotsetsereka pamwamba. Tsitsi la kubanja kwathu ndi lolimba, lathyola mano a zipeso zambiri, moti ubweya uja sudalowe ngakhale pang'ono. Mng'ono wanga adayesa naye, chimodzimodzi. Ndidawauza alamu kuti anthu a ku Joni adawapusitsa, bola akadagula shuga. Iwo adangomwetulira n'kuibweza m'thumba. Tsiku lonselo chipewa sadavule, koma ine sindidaganizepo kanthu.

Chaka chotsatira sadadikire Disembala. Adabwera mu Epulo, ochita kutsitsidwa m'basi, ndipo mu Juni adamwalira kwa amayi awo kufupi ndi Manjawira, komwe mng'ono wanga ankakhala pachitengwa ndi kamwana kawo kakakazi ka zaka zinayi.

Pamaliropo ndidamva zimene sindidayenera kumva. Ndinkatsuka mbale kuseri kwa khitchini, ndipo mbali inayo akulu awo a malemu, amenenso ankagwira ntchito ku Joni, ankalankhula ndi amalume awo.

"Ng'ombe tidapereka, mwanayu ndi wathu," adatero akuluwo. "Mayi ake akakhala bwinobwino amulere, ine ndilibe nazo vuto. Koma ndikadzabwera mu Disembala kudzasudzula n'kupeza kuti nayenso wayamba, mwana ndidzatenga. Asamadye m'mbale imodzi ndi wodwala."

Kusudzula ndi mwambo womasula mkazi wamasiye kuti akakhale kwawo mwaufulu, ndipo pamenepo mpamene amagamula za ana ndi katundu. Ndidawerenga miyezi pa zala, manja ali thovu lokhalokha. Idali isanu ndi umodzi.

Titameta maliro, adalola kuti mng'ono wanga akapume kwathu podikira mwambowo. Ndidamutenga iye ndi mwana, n'kuwapatsa chipinda m'nyumba mwanga. Amuna anga adali atandisiya kalekale, makolo athu adali atatsikira kuli chete, ndiye wamkulu pakhomopo ndidali ine. Ndipo ine ndikakhala wamkulu ndimakhaladi wamkulu, ofuna kutsutsa amayamba aganiza kawiri.

Tonse tidametedwa tsiku limodzi, lumo limodzi. Pofika Ogasiti tsitsi langa lidali litaphuka gwa ngati kale. La mwana chimodzimodzi. La mng'ono wanga sindinkaliona, poti duku lakuda la umasiye silinkachoka kumutu kwake. Tsiku lina m'mawa ndidalowa kubafa osaodira, ndikufuna beseni, ndipo ndidamupeza atavula. Tsitsi lidamera, inde, koma lofewa, lowongoka, lofiirira ngati la khanda, ndipo pamwamba pa makutu khungu linkaoneka. Masiku amenewo panalibe munthu wosadziwa kuwerenga tsitsi lotero. Amayi pachigayo ankangoyang'ana mutu wa munthu kamodzi n'kukodolana.

Ndidamukhazika pampando m'chipinda n'kutenga chipeso changa. Nditangokoka kamodzi, mano ake adatuluka atadzaza. Iye adalira kuti ndikumupweteka, kenaka adatsegula chikwama chake n'kutulutsa burashi ija.

"Yesani iyi, achemwali," adatero. "Ndi imene ndinkawapesera bambo ake a mwanayu."

Ndidaiika pamphumi pake n'kukokera kumbuyo. Idalowa bwinobwino mpaka pakhungu, n'kudutsa mutu wonse osakodwa paliponse. Burashi yomweyo imene tidaiseka kuti siingathe tsitsi lathu. Ndidakhala pabedi. Apo mpamene ndidadziwa chifukwa chake alamu adaigula, ndi chifukwa chake chipewa sichinkachoka. Ndidawatukwana malemuwo mawu amene sindingawalembe pano, ndipo mng'ono wanga adangoti, "Asiyeni, adagona."

Nditamaliza kutukwana ndidamufotokozera zimene ndidamva kuseri kwa khitchini. Adangoyang'ana pawindo pomwe mwana ankasewera ndi zitini. Ndidamulonjeza kuti mwana ameneyo satengedwa ndili moyo.

Kuyambira tsiku limenelo burashi idasanduka ntchito yanga ya m'mawa uliwonse ndisanapite kumunda. Ndidaiphunzira ndekha, mwa kulakwitsa. Poyamba ndinkakanikiza kwambiri, khungu n'kufiira. Kenaka ndidazindikira kuti imafuna dzanja lopepuka, kuyambira pamphumi kupita kunkhongo, pang'onopang'ono. Ubwino wake udali wakuti siinkadula tsitsi ngati chipeso. Inkaligoneka lonse mbali imodzi, ndiye ndinkatenga la pakati pamutu n'kulitsitsira pamwamba pa makutu kuti libise poyera paja. Ndidaonanso kuti ukadontheza mafuta a nsatsi pachikhatho n'kupukutapo ubweya uja, mafutawo amafika tsitsi lililonse mofanana, mutu n'kumawala ngati wa munthu wodya bwino. Ukathira mafuta m'mutu mwachindunji tsitsi limamatana timagulumagulu, khungu n'kuonekera kuposa kale.

Chidatsala ndi kufiirira. Icho ndidachipezera nzeru kukhitchini. Ndinkakanda mwaye kudenga, n'kuusefa pakansalu kuti utsale wosalala, n'kusakaniza ndi mafuta a nsatsi aja m'kabotolo. Madontho awiri pachikhatho, burashi, ndiye kupesa maulendo makumi angapo. Tsitsi linkada bii. Kwathu ku Tsangano kumazizira, mafuta a nsatsi amakhala olimba ngati uchi, ndiye mwayewo unkagwira tsiku lonse osasuntha. Ndikamaliza ndinkachotsa tsitsi lothothoka mu burashi ndi dzino la chipeso, n'kulikulunga m'pepala, n'kukaliponya m'chimbudzi kuti wina asalione padzala. Loweruka ndinkaitsuka ndi madzi ofunda ndi sopo, n'kuiyanika chozondoka m'chipinda, osati panja.

Lamulungu lina ndidayesa ntchito yanga. Ndidamuuza kuti pochokera kutchalitchi achite ngati duku lamasuka, alimangenso pamaso pa amayi a m'kwaya. Adachitadi. Mayi wina adati, "Koma tsitsi lakubwererani bwino." Ndidafika kunyumba ndikuyimba.

Mwana naye ankafuna kupesedwa ndi burashi ya nguluwe. Ankakhala pamiyendo panga, ine n'kuiyendetsa m'mutu mwake. Inkatsetsereka pamwamba osalowa, ndipo nthawi iliyonse ndinkathokoza Mulungu chamumtima.

Koma burashi imapesa mutu wokha. Mu Seputembala adayamba kutsokomola. Mu Okutobala kutsegula m'mimba kudayamba, kumasiya sabata imodzi n'kuyambiranso. Ndinkamuphikira phala la mtedza, mazira, nkhuku zanga zidatha imodziimodzi. Ndidamusokera malaya a manja aatali, ndipo m'chiuno ankamanga zitenje ziwiri. Pepala la tsitsi lokaponya kuchimbudzi linkacheperachepera, osati poti kuthothoka kudaleka, koma poti lothothoka lidali likutha.

Tsiku lina ndikumupesa adandigwira dzanja.

"Achemwali, ndamva kuti kuchipatala cha ku boma ayamba kupereka mankhwala aja otalikitsa moyo. Tiyeni tipite akandiyeze."

Ndidakwiya. Ndikunena zoona, ndidakwiya ngati wandinyoza. Aliyense ankadziwa tsiku la anthu a mankhwala amenewo ndi khonde limene ankakhala pamzere. Akazi a akulu aja a malemu ankagulitsa nthochi pafupi ndi geti la chipatalacho. Ngakhale iwo akadapanda kutiona, oyendetsa matola a kwathu sasunga nkhani, ikadafika ku Manjawira ife tisadafike kunyumba.

"Ukufuna ukadzionetse pakhonde paja?" ndidamufunsa. "Ine ndikudzuka m'mamawa kukanda mwaye ngati wamisala, iwe ukawononge zonse tsiku limodzi? Yatsala miyezi iwiri yokha. Nguluwe idalira msampha utaning'a. Limba mtima, akangokusudzula m'mawa mwake tili kuchipatala."

"Ndatopa, achemwali."

"Ukatopa mwana apita. Sankha."

Adasiya dzanja langa n'kuweramitsa mutu kuti ndipitirize. Adafunsanso kamodzi mu Novembala, tsiku limene adagwa pochokera kuchimbudzi, ndipo ndidamuyankha zomwezo, mokweza kuposa poyamba. Sadafunsenso. Ine ndinkachita mantha, koma mantha anga amatulukira m'kukalipa. Ndinkapita kumunda n'kukhala pakati pa mizere ya mbatatesi kumalira, ndikabwerako n'kumukalipira kuti sadamalize phala.

Uthenga udabwera kuti mwambo uchitika Loweruka, Khirisimasi isanafike. M'mawa wa tsikulo ndidamupesa kuposa masiku onse. Ndidaonjeza mwaye, ndidaonjeza mafuta, madontho asanu m'malo mwa awiri, poti ulendo udali wautali ndipo ndinkafuna zigwire mpaka madzulo. Kunja kudali nkhungu, tonse titavala majuzi. Nditamaliza ndidaima patali n'kumuyang'ana. Akadapanda maso olowa aja, ukadati ndi mkwatibwi. Ndidamumanga duku mosamala, burashi n'kuisiya pansi pa pilo kuti anthu akumeneko asaione.

Chimene sindidaganize ndi chimodzi. Ntchito yanga yonse ndidaiyesera kuphiri, kozizira. Manjawira ndi kuchigwa. Matola atangotsika n'kulowa mumsewu waukulu tidavula majuzi, ndipo pofika kumudzi kuja dzuwa lidali likuswa mtengo, mpweya uli tolotolo mvula isadagwe. Ine ndidakwatitsa mng'ono wanga kumeneko, ndidalirako maliro, kutentha kwake ndinkakudziwa. Koma maliro adali a mu Juni, ndipo mutu wanga wonse udali pa tsitsi.

Adatikhazika pamphasa pansi pa mtengo wa mango, amuna pamipando. Akulu aja adalankhula nthawi yaitali, za njinga, za malata, za wailesi. Maso awo ankabwererabwerera kwa mng'ono wanga. Iye adakhala ataongola msana, monga ndidamuphunzitsira, chifuwa akuchimeza. Ndiye ndidaona kadontho kakuda kakutuluka pansi pa duku, kuseri kwa khutu, n'kutsika pakhosi pang'onopang'ono. Ndidachita ngati ndikumukonza kolala n'kukapukuta ndi chala. Kena kadatuluka mbali inayo.

Kenaka adati amayi alowe naye m'nyumba akamuvule zakuda. Tidalowa atatu, ine, iye ndi apongozi ake, mayi wamfupi wosalankhulalankhula, amene ndinkamuopa chifukwa cha kukhala chete komweko. Adatseka chitseko. Adamasula mfundo ya duku n'kulichotsa.

Mkati mwa duku mudali mwakuda ndi monyowa. Tsitsi lonse lidali litamatirira pakhungu timizeremizere, poyera ponse pali pamtunda, ndipo madzi akuda ankatsika pamphumi. Mayiwo adaika chikhatho pamutu pake, n'kuchichotsa, n'kuchiyang'ana. Adachinunkhiza. Ine ndidagwada pansi. Ine amene sindidagwadirepo munthu mopempha, ndidagwira miyendo yawo.

"Amayi, chonde, musawauze. Mwana yekhayo ndiye wamutsalira."

Adatenga madzi a m'ndowa ndi kansalu, n'kumupukuta kumaso, m'khosi ndi kuseri kwa makutu, modekha ngati akusambitsa khanda. Adamumanga duku latsopano lamaluwa, n'kulitsitsa mpaka pansidze. Manja awo adawasamba kawiri. Atatero mpamene adandiyang'ana.

"Dzukani, mwana wanga. Burashi ija ili kwa inu eti? Ndidaifunafuna. Mwana wanga atagona umu ankandipempha ndimupese nayo anthu asanalowe kudzamuona."

Ndidavomera ndi mutu.

"Mwayesetsa. Nanga kuchipatala akuti bwanji? Mankhwala adayamba liti?"

Mng'ono wanga adayang'ana pansi.

"Simudapite?" Mawu awo adatsika. "Miyezi yonseyi?"

Ndidayamba kufotokoza za khonde, za nthochi, za zimene ndidamva kuseri kwa khitchini. Adandidula.

"Amene mudamumva uja ndi mwana wanga, ndidamubala ndine. Amalankhula kwambiri akakhala ndi chisoni. Mukadabwera kwa ine ndikadamuuza kuti mwana sachotsedwa kwa mayi wamoyo, ndipo akadamva. Ine ndidaika mmodzi m'manda chifukwa chobisa. Ndinkati inu akuphiri mwaonerapo."

Tidatuluka. Iwo adauza amuna aja kuti mpongozi wawo ali bwino, apite ndi mwana kwawo. Akulu aja adayang'ana amayi awo, adayang'ana duku latsopano, n'kuvomera. Anthu adaomba m'manja. Chimene ndidachimenyera nkhondo miyezi isanu ndi umodzi chidatheka m'mawu osakwana khumi, ndipo sindidamve kukoma kulikonse.

Lolemba tidapita kuchipatala. Pageti padalibe wogulitsa nthochi aliyense wondidziwa, ndipo ngakhale akadakhalapo sindikadasamala. Adamuyeza magazi, adamukweza pasikelo, ndipo adokotala atamvetsera chifuwa adati agonekedwe tsiku lomwelo. Adafunsa mwaulemu kuti kutsokomola kudayamba liti. Nditanena kuti Seputembala adasiya kulemba n'kufunsa chimene chidatichedwetsa. Ndidatsegula pakamwa, koma mng'ono wanga adandiyamba.

"Ndine ndinkakana," adatero. "Achemwali ankandikakamiza."

Bodza limenelo limandiwawa mpaka lero kuposa chitonzo chilichonse chimene munthu adandinenapo.

Adayesetsa anthu aja, sindingawanamizire. Adati ayambe athana ndi chifuwa, thupi lipezeko mphamvu. Koma thupi lidali litapita kale patali. Ndidamudikirira milungu isanu. Tsitsi sindidamupesenso, ndipo iye sadapemphe. Ankangofunsa ngati mwana akudya kwa aneba kumene tidamusiya. Adamwalira kumapeto kwa Januwale, masana, mvula ikugwa.

Patatha milungu iwiri chiikireni maliro, apongozi aja adabwera ku Tsangano okha, atafunda bulangete chifukwa cha kuzizira. Ndidawayalira mphasa, ndidawaphikira tiyi, koma ndinkadziwa chimene adadzera. Ndidayamba ndine, mwaukali wanga womwe uja. Ndidati mwanayu ndamulera miyezi isanu ndi itatu, sukulu ya ku Nzama ndiitha, munda ndili nawo, chimene angasowe kuno n'chiyani?

Adandisiya ndilankhule mpaka mawu adandithera.

"Zonsezo ndi zoona," adatero. "Akadakhala moyo mayi ake, ngakhale wogona pamphasa, ndikadaima pakhomo panga n'kuwabweza onse. Koma pa mayi wakufa ndilibe mawu. Abambo ake aakulu agamula, ndipo andituma ine kuti asabwere okha."

Ndidalongedza tizovala take m'jumbo. Ndidaikamo juzi ngakhale ndinkadziwa kuti kumeneko sakaivala. Ndidamubereka kumsana mpaka kumsewu, ngakhale adali wamkulu woti n'kuyenda yekha, ndipo njira yonse ankandiuza za mwana wa mbuzi amene adabadwa kwa aneba. Matola atabwera ndidamukweza pamiyendo ya agogo ake, pakati pa matumba a mbatatesi.

"Amayi aakulu, inu simukwera?" adandifunsa.

Ndidati malo atha, ndibwera ndi galimoto yam'mbuyo. Adasunthira kumbali, n'kudzipanikiza kwa agogo ake, n'kumenya ndi kadzanja pathumba pomwe adasiya mpata.

"Malo ndi awa," adatero.

Galimoto idanyamuka akadamenyabe pathumbapo.